Mbiri ya Fodya ndi Malo Olima ku Kasungu

Chidikha cha Kasungu ndi mbali ya kumpoto ya dera lalikulu lathyathyathya lomwe limachokera ku Lilongwe, kudutsa Dowa ndi Mchinji, mpaka kukafika kumalire a Mzimba ndi dziko la Zambia. Chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Dothi lake m'madera ambiri ndi lamchenga, lopepuka, losasunga madzi, ndipo pakati pa mitunda pali madambo omwe amatsanulira madzi awo m'mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa. Dothi lotere silichedwa kuguga likamalimidwa chimanga chaka ndi chaka, koma fodya amakondwa nalo, makamaka wa kampopi, yemwe amaumitsidwa m'balani ndi kutentha kodutsa m'mapaipi. Kale dera lonseli linali nkhalango ya mombo, muwanga ndi masuku, ndipo midzi inali patalipatali. Dothi, nkhuni ndi malo aakulu okhala anthu ochepa ndizo zinakopa alimi a fodya. Mwa zitatuzi, ziwiri zinatha m'zaka zosakwana makumi asanu.

Achewa a kwa Mwase ankamudziwa fodya azungu asanafike. Ankabzala wa labu pa chulu kapena pamalo pomwe panali khola la ng'ombe, wongokwanira kununkhiza ndi kusuta m'kaliwo. Chuma cha ufumuwu chinali minyanga ya njovu, chitsulo ndi njira yamalonda yochokera ku chigwa cha Luangwa kupita ku Nkhotakota. David Livingstone anadutsa kuno mu 1863. Mu Disembala 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Mwase, ndipo posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba. Kasungu anali kutali ndi njanji komanso misika, choncho njira yopezera ndalama ya msonkho inali ulendo. Amuna ankapita ku Halale ndi ku Joni, ambiri wapansi, ndipo ena sanabwererenso, n'kusanduka machona. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa dera lomweli, anali mmodzi wa anyamata omwe anatsata njira imeneyi. Ambiri mwa amene anathera ku Southern Rhodesia ankagwira ntchito m'mafamu a fodya a azungu. Kasungu anayamba wapereka anthu ku ulimi wa fodya wa dziko lina asanapereke nthaka yake.

Fodya wogulitsa kunja anayambira kummwera. Abale a banja la Buchanan anamubzala ku Zomba ndi Blantyre, ndipo katundu woyamba anapita ku London mu 1893. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908. Chigawo chapakati chinalowa m'malondawa cha m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatenga malo ku Lilongwe n'kuyamba kugawa mbande kwa anthu akumudzi kuti azilima fodya wa chikopa, wofukiza ndi utsi, n'kumawagulitsa iwowo. Ulimiwu unafalikira mofulumira ku Lilongwe ndi Dowa, kenaka kumadera a kummwera kwa Kasungu. Boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926 kuti lizilemba alimi akuda, kuika misika ndi kuletsa yemwe lafuna kumuletsa. Alimi achizungu anapanga bungwe lawo mu 1929, lomwe ndi kholo la TAMA ya lero, ndipo okshoni inayamba ku Limbe mu 1938. M'zaka zomwezo kutsidya la malire, ku Fort Jameson komwe tsopano ndi Chipata, azungu ankalima fodya wa kampopi ndipo anapeza phindu mpaka msika unadzaza ndi kugwa cha m'ma 1928.

Pofika nthawiyi dongosolo linali litakhazikika kale: fodya wa mtengo wapamwamba anali wa mwini esiteti, wa mtengo wotsika anali wa munthu wakumudzi. Ufulu wa 1964 sunafafanize mzerewu. Unangosintha anthu oima mbali yabwino.

Ulimi waukulu wa kampopi ku Kasungu unayesedwa koyamba cha m'ma 1950 ndi bungwe la boma la Britain la Colonial Development Corporation, koma sunapite patali. Mwayi weniweni unabwera mu 1965, pamene boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzipatsa ufulu ndipo maiko anaika ziletso pa malonda ake. Ogula omwe ankadalira fodya wa ku Rhodesia anayamba kufunafuna kwina. Boma la Banda linaona khomo lotseguka. Linakhazikitsa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, lomwe linkasankha alimi a Chimalawi, kuwaphunzitsa, kuwapatsa minda ndi ngongole, ndi kuwayang'anira mwakhama pa ntchito yonse kuyambira pa nazale mpaka m'balani. Koma alimi amenewa anali ochepa poyerekeza ndi zomwe zinkachitika pambali pawo. Makampani a General Farming ndi Press Farming, omwe anali m'manja mwa Banda, anatsegula maesiteti ambirimbiri m'bomali, ndipo ambiri mwa mamanijala awo anali azungu ochokera ku Rhodesia. Nduna, akuluakulu a chipani ndi ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kutsegula awo, mabanki akuwapatsa ngongole.

Malamulo atatu ndi amene anayala maziko. Lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu yosandutsa malo a mafumu kukhala a lizi, ndipo malo akatero sankabwereranso m'manja mwa mudzi. Lamulo la mbewu zapadera, lomwe linakhwimitsidwa mu 1972, linanena kuti fodya wa bale ndi wa kampopi azilimidwa ndi okhawo okhala ndi chiphaso, ndipo chiphaso chinkapita kwa eni maesiteti. Lachitatu ndi lomwe linakhazikitsa ADMARC mu 1971. Mlimi wakumudzi ankayenera kugulitsa chikopa, mtedza ndi thonje lake ku ADMARC pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa kunja, ndipo gawo lalikulu la phindulo linkalowa m'maesiteti ndi m'makampani a Press. Mwini esiteti yekha ndiye ankafika ku okshoni. Mwa njira imeneyi mlimi wa mtedza wa kwa Chulu kapena kwa Santhe ankalipirira ulimi womwe iye mwini ankaletsedwa kuchita, nthawi zina pa malo omwe anali a makolo ake.

Ziwerengero zikusonyeza kukula kwa kusinthaku. Mu 1970 Malawi yense anali ndi maesiteti osakwana 300 pa mahekitala pafupifupi 79,000. Pofika 1989 analipo oposa 14,000 pa mahekitala oposa 750,000, ndipo Kasungu anali pakati pa maboma okhala ndi ambiri zedi. Anthu a m'bomali, omwe sankakwana 100,000 pa kalembera wa 1966, anali atayandikira 200,000 mu 1977 ndi kupitirira 320,000 mu 1987. Kubadwa kokha sikungachulukitse anthu chotere. Ambiri anali obwera. Ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Banda anaimitsa maulendo a Wenela, ndipo amuna zikwizikwi omwe akanapita ku Joni anasowa kolowera kupatula m'maesiteti.

Fodya wa bale analimidwa makamaka ndi matenanti, njira yomwe inayamba nthawi ya Barron. Chakumapeto kwa chilimwe mwini esiteti ankatumiza galimoto ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Machinga kapena Mangochi, komwe malo anali atasowa kale, kukatenga mabanja. Banja likafika linkadzimangira kanyumba ka udzu n'kupatsidwa munda wa ekala imodzi kapena awiri. Mbewu, feteleza, makasu ndi phoso la chimanga zonse zinkalembedwa m'buku ngati ngongole. Ntchito inkayamba mu Ogasiti kapena Seputembala ndi kuthirira nazale kudambo mmawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa, banja lonse linkawokera. Kenaka kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, ndipo kuyambira Januwale kuthyola masamba, kuwasoka ndi kuwapachika m'chigafa. Fodya akauma ankasankhidwa malinga ndi mtundu, kutalika ndi maonekedwe, n'kudindidwa ndi jeke m'mabelo okuta ndi ziguduli. Tenanti sankaloledwa kugulitsa kwina. Mwini esiteti ndiye ankaika giredi, ndiye ankaika mtengo, ndiyenso ankasunga buku la ngongole. Mvula ikavuta kapena matalala akagwa, kuluza kunali kwa tenanti. Mabanja ambiri ankafika mwezi wa Ogasiti opanda ngakhale ndalama yobwererera kwawo, n'kuyambanso chaka china. Malipiro ankawerengedwa a bambo yekha, koma ntchito inali ya mayi ndi ana omwe. Apa ndi pamene panagona kutchipa kwa fodya wa bale wa ku Malawi pamsika wa dziko lonse.

Kagwiritsidwe ntchito ka malo kali ndi masamu ake. Fodya sayenera kubwerera pamunda umodzi chaka chilichonse, chifukwa tinyongolotsi ta m'mizu timachuluka ndipo mbewu imapinimbira. Alangizi amaphunzitsa kuti abwerere patatha zaka zitatu kapena zinayi, pakatipo pakhale chimanga kapena udzu wa Katambora. Lizi inkafunanso kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a esiteti likhale la mitengo. Motero esiteti yoyendetsedwa bwino imakhala ndi fodya pa kagawo kochepa chabe ka malo ake. Koma maesiteti ambiri sankafika ngakhale pamenepo. Eni ake anatenga malo aakulu kuposa omwe akanatha kulima, ena akukhala ku Lilongwe kapena Blantyre, ndipo tchire linkangomera kuseri kwa mpanda pomwe midzi yoyandikana ikupanikizana. Lamulo la mitengo nalo silinatsatidwe kwenikweni. Kampopi amadya nkhuni usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata pa balani iliyonse, ndipo bale, ngakhale sasowa moto, amafuna milimo, mikangala ndi udzu wa zigafa zomwe chiswe chimamaliza m'zaka ziwiri kapena zitatu. Nkhalango ya mombo inabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka yaikulu yomwe inatsala ndi ya m'malo osungira nyama a Kasungu National Park, a masikweya kilomita 2,316, omwe anakhala paki mu 1970. Lero minda imafika m'mphepete mwenimweni mwa pakiyi, ndipo mkangano wa alimi ndi njovu unakula pamene njovu 263 zinasamutsidwirako kuchokera ku Liwonde mu 2022.

Cha m'ma 1980 nyengo ya maesiteti aakulu inagwedezeka. Mafuta ndi feteleza zinakwera mtengo, chiwongoladzanja chinakwera, Zimbabwe inalandira ufulu n'kubwerera pamsika poyera, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi Nacala. Maesiteti ambiri a kampopi analandidwa ndi mabanki, ndipo kampani ya Press inachita kukonzedwanso kuti isagwe. Alimi anatembenukira ku bale, yemwe safuna balani ya njerwa kapena manijala wodula. Anthu akumudzi nawo anapeza pozembera lamulo: popeza malo a mahekitala 10 ankakwanira kulembetsa esiteti, abale ankaphatikiza minda yawo, kupempha chilolezo kwa mfumu, n'kutenga lizi m'dzina la mmodzi. Ambiri mwa maesiteti 14,000 aja anali a mtundu umenewu. Milandu ina ya malo yomwe imamveka m'mabwalo a ku Kasungu mpaka pano inachokera pamenepa, mwini dzina atamwalira ana ake n'kunena kuti malo onse ndi awo.

Mu 1990, mokakamizidwa ndi World Bank ndi ena opereka thandizo, boma linalola alimi ang'onoang'ono ochepa kulima bale, ndipo boma la Bakili Muluzi litalowa mu 1994 ziletso zinachotsedwa. Alimi anapanga makalabu kuti azifika ku okshoni, ndipo bungwe la alimi ang'onoang'ono la NASFAM linabadwa mu 1997. Pofika kumapeto kwa zaka khumizo, fodya wambiri wa bale ankachokera kwa alimi akumudzi. Malata, njinga ndi ng'ombe zinaoneka m'midzi, ndipo misika ya Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Chatoloma inakula ndi ndalama ya fodya. Kunali kukonza cholakwa chenicheni. Komabe mlimi wa hekitala imodzi alibe malo ochitira kasinthasintha wa zaka zinayi, ndipo feteleza yemwe wagulira fodya amagawanako ndi chimanga. Zokolola pa hekitala zinatsika, fodya wosasankha bwino anachuluka, ndipo mitengo ku okshoni inagwa. Njala ya 2002 inapha anthu ambiri ku Kasungu, ndipo matenanti, omwe analibe munda wawo wa chimanga, anali m'gulu la ovutika koposa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe anadzatchuka ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, anasiya sukulu chifukwa cha njala yomweyi.

Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, Kasungu anapeza okshoni yake ku Chinkhoma, kuwonjezera pa za Limbe, Kanengo ndi Mzuzu. Mutharika anaika mitengo yoyambira kugulira, ndipo mu 2009 anathamangitsa m'dziko akuluakulu anayi a makampani ogula fodya powanena kuti akudyera alimi masuku pamutu. Koma ogula aakulu ndi owerengeka, ndipo lamulo silingawakakamize kugula fodya yemwe sakumufuna. Mu 2011 dziko linagulitsa makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni, mabelo ambiri anabwezedwa kangapo, ndipo mitengo inali yomvetsa chisoni. Chaka chotsatira alimi anagwa mphwayi moti anagulitsa pafupifupi 80 miliyoni okha. Mu 2012 boma linavomereza ulimi wa kontirakiti, momwe kampani imapereka zipangizo pa ngongole ndi alangizi, n'kudzagula fodyayo. Fodya wambiri tsopano amagulitsidwa motero.

Kuyerekeza ndi maiko oyandikana kukuonetsa pomwe pali kufooka kwa ulimi wa ku Malawi. Zimbabwe inakolola makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni m'chaka cha 2000, chiwerengero chofanana ndi cha Malawi mu 2011, koma pa mahekitala osakwana 90,000. Malawi anafunikira oposa 160,000. Mitundu ya fodya ndi yosiyana, popeza wa ku Zimbabwe ndi kampopi ndipo wa kuno wambiri ndi bale, koma kusiyana kwa mitundu sikufotokoza zonse. Mafamu aakulu a ku Zimbabwe ankapeza makilogalamu oposa 2,000 pa hekitala chifukwa cha ulimi wothirira, feteleza wokwanira ndi kafukufuku wa pamalo ofufuzira za fodya a Kutsaga, pamene mlimi wamba wa bale ku Malawi amazungulira pa 1,000. Mafamu aja atagawidwa kuyambira 2000, zokolola za Zimbabwe zinagwa kufika pa makilogalamu 48 miliyoni mu 2008. Kenaka alimi ang'onoang'ono zikwi zambiri, mothandizidwa ndi makontirakiti ndi msika wa ku China, anazikweza mpaka 296 miliyoni mu 2023. Zimenezi zikutsutsa maganizo akale a ku Kasungu akuti kampopi ndi fodya wa bwana yekha. Mtengo wake, komabe, ndi womwe Kasungu analipira kale: nkhalango za ku Mashonaland zikutha ndi mabalani.

Zambia ili ndi malo ambiri koma fodya wochepa, kawirikawiri wosafika makilogalamu 50 miliyoni pachaka, chifukwa chuma chake chinatsamira pa mkuwa. Kampopi amalimidwa m'madera monga Mkushi, Choma ndi Kalomo, komwe alimi ena ochokera ku Zimbabwe anasamukira chitatha chaka cha 2000. Bale amalimidwa m'chigawo cha kummawa, ku Chipata ndi Lundazi, ndi anthu a chilankhulo ndi mafuko amodzi ndi a ku Mchinji ndi Kasungu. Malire apa ndi mzere wa pamapu basi. Mitengo ikakhala bwino tsidya lina, mabelo amawoloka usiku pa njinga ndi ngolo, ndipo amawolokera mbali zonse ziwiri malinga ndi chaka.

Mozambique inalowa mochedwa. Nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ena anagwira ntchito m'minda ya fodya. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera ku Angónia, Macanga ndi Chifunde m'chigawo cha Tete, komanso ku Niassa, ali ndi luso la bale. Kumeneko kulibe okshoni. Boma limapereka dera lonse kwa kampani imodzi, yomwe imabwereketsa zipangizo ndi kugula fodya yense wa m'deralo. Poyamba fodyayu ankabwera ku Malawi kudzakonzedwa, mpaka kampani ya Mozambique Leaf Tobacco inamanga fakitale mumzinda wa Tete chapakati pa zaka za m'ma 2000. Mlimi wa kumeneko alibe mwayi wosankha wogula, koma ali ndi chomwe wa ku Kasungu alibenso, chomwe ndi malo ogoneka kuti nthaka ipume. N'chifukwa chake Amalawi ambiri tsopano amawoloka kukalima kapena kukagwira ganyu m'minda ya fodya ya ku Tete ndi kummawa kwa Zambia, monga momwe agogo awo ankapitira ku Halale.

Nkhani ya ana m'minda ya fodya inafika pa maso a dziko lonse ndi lipoti la bungwe la Plan International la 2009, lomwe linafunsa ana a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, ndi kufotokoza za matenda obwera chifukwa cha chikonga cholowa pakhungu pogwira masamba onyowa. Mu Novembala 2019 dziko la America linaika chiletso pa fodya wa ku Malawi pa chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo makampani anachotsedwa pa chiletsocho mmodzimmodzi atasonyeza njira zawo zoyang'anira alimi. Mu 2019 momwemo kunabwera lamulo latsopano loyendetsera malonda a fodya. Mu 2021 nyumba ya malamulo inathetsa utenanti, ngakhale lamulo lolembedwa silisintha msanga zochitika pa esiteti yakutali, ndipo mu 2023 Malawi anavomereza pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta.

Pa kalembera wa 2018 boma la Kasungu linali ndi anthu oposa 800,000, kuchulukitsa kasanu ndi katatu chiwerengero cha 1966, pa malo omwewo a masikweya kilomita 7,878, omwe gawo lina lalikulu ndi paki. Njira yomwe inakulitsa fodya kuno kwa zaka zonsezi, yoswa mphanje ndi kubweretsa mabanja atsopano, inafika pamapeto. Mbewu za bungwe lofufuza za fodya la ARET, lomwe lili ndi sukulu ya zaulimi ku Mwimba m'bomali, zimatha kubereka kuwirikiza kawiri kapena katatu zomwe mlimi wamba amapeza, koma zimafuna feteleza ndi kasinthasintha zomwe iye sangakwanitse. Alimi ambiri asamukira ku soya ndi mtedza, ngakhale amabwerera ku fodya mitengo ikakwera, monga zinachitikira mu 2024 pamene dziko linagulitsa makilogalamu pafupifupi 133 miliyoni. Maesiteti ena akale a General Farming ndi Press Farming, omwe anaphatikizidwa kukhala Press Agriculture, akhala zaka osalimidwa mokwanira, anthu opanda minda akulowamo, ndipo mabanja a matenanti akale omwe anabadwira ku Kasungu alibe mudzi wobwererako kummwera. Malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, amapatsa boma mphamvu yotenganso malo a lizi osagwiritsidwa ntchito, ndipo ku Kasungu ndi kumene mphamvuyi ikufunika kugwira ntchito koposa.